Zigayo za miyala za ku Staffordshire

Mbale zoyera zimene mabanja ambiri amasungira alendo m'kabati siziumbidwa ndi dongo lokha. M'kati mwake muli ufa wa mwala wotchedwa quartz, ndipo ntchito yopera mwalawu inali ndi zigayo zake, amisiri ake, ndi maliro ake omwe. Kumene inakhwimira ndi ku Staffordshire, m'chigawo chapakati cha England, m'matauni a oumba mbale amene lero ndi mzinda wa Stoke-on-Trent.

Quartz ndi mwala wosagonja msanga. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala uli pa 7: umakanda galasi, ndipo mpeni ukaupala umangobuntha. Kuti usungunuke pamafunika moto wa madigiri pafupifupi 1,700. Kulimba komweku ndi kumene oumba anaukondera. Ufa wake ukasakanizidwa ndi dongo, mbale imatuluka m'ng'anjo yoyera, yolimba, yosapindika, komanso siinyala kwambiri pouma. Ku England mwalawu unkapezeka mochuluka ngati nsangalabwi zakuda zotchedwa flint, zimene anthu ankatola m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa dzikolo ndi kutsidya ku France.

Oumba a ku Staffordshire anayamba kuthira ufawu m'dongo cha m'ma 1720. Nthano ya kumeneko imati woumba wina, John Astbury, ali pa ulendo hatchi yake inadwala diso. Wosamalira mahatchi pa nyumba ya alendo anawotcha nsangalabwi, n'kuisinja, n'kuuzira ufawo m'diso la hatchiyo, ndipo Astbury anadabwa kuona mwala wakuda utayera mbee. Nthanoyi ena amaikamo dzina la woumba wina, koma zimene imanena za moto ndi zoona: flint ikapsa imayera, imang'aluka, n'kuyamba kufumbutuka.

Poyamba ankaisinja youma, m'mitondo, n'kumasefa. Fumbi linkachita kuti kobo, ndipo amuna osinjawo sankatha zaka zambiri asanayambe kubanika ndi kutsokomola mpaka kufa. Tizidutswa ta quartz tosaoneka ndi maso tikalowa m'mapapo sitisungunuka. Thupi limatikuta ndi zipsera, mapapo amauma, ndipo mankhwala owabwezera mwakale palibe mpaka lero.

Munthu amene anachitapo kanthu sanali woumba komanso sanali dokotala. Thomas Benson anali mmisiri wopenta wa ku Newcastle-under-Lyme. Mu 1726 analembetsa kuboma njira yoperera flint m'madzi, ndipo mu 1732 anailembetsanso atayikonza. Poyamba ankagwiritsa ntchito zitsulo, koma chitsulo chikamaperesekera mu ufa chinkadetsa mbale, choncho zigayo zinasinthira ku miyala ya chert, yomwenso ndi ya mtundu wa quartz, yochokera ku Derbyshire. Dzina la Benson silinamveke kutali ngati la woumba mbale Josiah Wedgwood, komatu anthu amene anapulumuka chifukwa cha nzeru yakeyo ndi ambiri, ndipo ayenera kukumbukiridwa.

Chigayo chotere chinkagwira ntchito motere. Nsangalabwi ankazisanja m'ng'anjo mosinthana ndi malasha, n'kuziwotcha kwa masiku angapo. Zikazizira ankaziphwanya n'kuzithira m'chimphika chachikulu chozungulira, choyalidwa miyala ya chert pansi, chodzaza madzi. Pakati pake pankaima mtengo wokhala ndi mikono, wozunguzidwa ndi gudumu la madzi, ndipo mikonoyo inkakankha miyala ikuluikulu ya chert mozungulirazungulira, usana ndi usiku, mpaka zonse zitasanduka ngati phala la ufa woyera. Kenako ankatsuka ndi madzi ena kuti misere itsike pansi ndi kubwerera kumphero, ufa wosalala wokha n'kupita kokadikha ndi kokaumitsidwa. Mitsinje ing'onoing'ono ya m'deralo inadzaza zigayo. Chigwa cha Moddershall chinali nazo zingapo motsatizana, ndipo cha ku Cheddleton pa mtsinje wa Churnet chikadalipo ndi magudumu ake awiri.

Katundu wolemera chonchi pa misana ya mahatchi ankadula. N'chifukwa chake Josiah Wedgwood, amene mbale zake za dongo loyera la ku Devon ndi Dorset losakaniza ndi flint zinakondweretsa Mfumukazi Charlotte mu 1765, analimbikira za ngalande yonyamulira katundu ya Trent and Mersey. Anaponya khasu loyamba mu 1766, katswiri wa ngalandeyo anali James Brindley, ndipo ntchito inatha mu 1777. Pambuyo pake kunabwera injini za nthunzi. Chigayo cha Jesse Shirley ku Etruria, chomangidwa mu 1857, chinapera flint ndi mafupa mpaka 1972.

Koma madzi a Benson anateteza opera okha. M'mafakitale ufa uja unkaumanso pansi, pa zovala ndi pa matebulo. Mbale zapamwamba ankaziyala pa ufa wa flint wouma poziwotcha, ndipo zikatuluka, amayi ndi atsikana ankazikwecha kuchotsa wotsalirawo, nkhope zili mu fumbi tsiku lonse. Dokotala John Thomas Arlidge, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'deralo, analemba momveka za matenda obwera ndi fumbili m'buku lake la mu 1892. Ngakhale zinali choncho, ufa wa alumina wosaopsa chotero unalowa m'malo mwa flint pa ntchito yoyalirayi m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Kuchedwa kumeneko n'kopweteka mtima, pakuti chimene chinkapha anthu chinkadziwika kuyambira masiku a Benson.

Matendawa, silicosis, si achilendo kwa Amalawi. Golide wa ku Witwatersrand, ku South Africa, ali m'thanthwe lodzaza quartz, ndipo amuna amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela anapuma fumbi lomweli pansi pa mgodi, ambiri n'kubwerera kumudzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Msonkhano woyamba wa mayiko wokambirana za silicosis unachitikira ku Johannesburg komweko mu 1930. Mu 2019 khoti la ku South Africa linavomereza mgwirizano wa chipukutamisozi cha R5 biliyoni, chimene bungwe la Tshiamiso Trust limagawa kwa ogwira ntchito m'migodi ya golide, kuphatikizapo ochokera m'mayiko oyandikana nawo.

Lero ufa wa quartz umaperedwa m'migolo yachitsulo yozungulira, ndipo umalowa m'galasi, m'matailosi, mu penti, m'masinki ndi mu konkire yolimba kwambiri. Umaumbidwanso pamodzi ndi utomoni wa m'fakitale kukhala miyala yosalala ya pamwamba pa makabati a m'khitchini. Amisiri odula miyala imeneyi, ambiri a iwo achinyamata, anayamba kupezeka ndi silicosis m'mayiko angapo, ndipo dziko la Australia linailetsa kuyambira pa 1 Julayi 2024.