Mwana wamkazi ku Malambo: mmene kaleredwe kake kasinthira

Anthu ambiri a m'tauni akamva dzina la Mfuwe amaganiza za njovu, mikango ndi alendo onyamula makamera. Ena amakumbukira zithunzi zija zofala pa Facebook za njovu zikudutsa m'kati mwa loji kupita kukadya zipatso. Koma kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa kuli midzi, ndipo m'midzimo muli atsikana amene akutunga madzi, kubereka ang'ono awo kumbuyo ndi kuthamangira kusukulu m'mawa uliwonse. Limeneli ndi boma la Mambwe, dera limene eni ake amati Malambo. Kaleredwe ka mwana wamkazi kumeneko kali ndi mbiri yake, ndipo inu amene munabadwira ku Chawama kapena ku Kapata koma ambuya anu ali kuchigwa, mbiri imeneyi ikukukhudzani.

Eni nthaka ambiri kumeneko ndi Akunda. Musawasokoneze ndi Achikunda a ku Zambezi, ndi mitundu iwiri yosiyana. Akunda amati makolo awo anachokera kumadzulo kwa Luangwa m'zaka za m'ma 1800 motsogozedwa ndi Mambwe, ndipo dzina la bomali likuchokera kwa iyeyo. Lero ali ndi mafumu asanu ndi imodzi: Nsefu amene ndi wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Monga Achewa ndi Ansenga, iwo amawerenga mtundu kuchokera kwa amai. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo ufumu umapita kwa mphwake wa mfumu, mwana wa mlongo wake.

Apa ndiye pagona nkhani. Pamudzi wotere, kubadwa kwa mwana wamkazi kunali kukula kwa mudzi. Mnyamata akakula ankachoka kukakhala chikamwini kwa mkazi wake, ndipo ana amene ankabereka kumeneko anali a eni mudziwo. Mtsikana ndiye ankatsala. Ana ake ankabadwira pakhomo pomwe iye anabadwira, ankalima pafupi ndi munda wa amai ake, ndipo mwamuna wokhala ndi alongo ambiri ndi adzukulu ambiri, ndiye kuti mbumba yaikulu, ankatha kuyambitsa mudzi wakewake n'kukhala nyakwawa.

Chimene anthu ambiri saganizira ndi chakuti kachilombo kakang'ono kanathandiza kusunga mwambo umenewu. M'chigwa muli ntchentche za kashembe, zimene ena amati tsetse, ndipo zimapha ng'ombe. Kumtunda, kwa Angoni a Mpezeni, mwamuna ankalowola ndi ng'ombe, mkazi n'kupita kwa mwamuna, ana n'kukhala a atate. Kuchigwa kunalibe khola. Mnyamata wofuna mkazi ankapereka kanthu kochepa, koma malipiro enieni anali thukuta lake: kumanga nyumba, kuswa mphanje, kulima m'munda mwa apongozi, kumanga nkhokwe, kuchezera usiku kuthamangitsa nyama m'mapira. Akakhala waulesi kapena wankhanza, ankamulongedzera mphasa yake n'kumusonyeza njira. Mkazi ankatsala ndi nyumba, munda ndi ana. Mkamwini wokhulupirika yekha, patapita zaka, ndiye ankatha kupempha chitengwa kuti apite ndi mkazi kwawo.

Motero mtsikana sankaleredwa ndi anthu awiri okha. Ali wakhanda anali pamsana pa amai, pa mkulu wake, pa amai aang'ono. Akafika zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi anali atayamba kale kubereka mwana mnzake, kutola nkhuni zing'onozing'ono ndi kusenza kachikho ka madzi. Akasinkhukirapo ankachoka m'nyumba ya makolo n'kumakagona kwa ambuya pamodzi ndi atsikana anzake, ndipo kumeneko ndiye kunali sukulu yeniyeni. Nthano zinkanenedwa kumeneko, ndipo zimene mwana sangafunse amai ake chifukwa cha ulemu ankafunsa ambuya mosaopa. Pambuyo pa kukolola, ana ankachita masanje kunja kwa mudzi, kuphika nsima yeniyeni m'timiphika ndi zokunkha za m'munda. Anali masewera, koma akulu ankasuzumira kuona amene nsima yake ili ndi mibulu. Pa milandu yonse yaikulu, matenda, ukwati kapena kusudzulana, mawu omaliza anali a amalume, osati a atate.

Tisakometsere zinthu mopitirira. Moyo umenewu unali ndi mtengo wake, ndipo amene ankalipira anali mtsikana yemweyo. Poti kuchigwa kunalibe ng'ombe zolimira, chilichonse chinali cha khasu, ndipo mapira ankasinjidwa mumtondo ndi kuperedwa pamphero ndi manja a akazi. Madzi ankatungidwa kumtsinje kumene kuli ng'ona. Ndipo popeza mkamwini anali manja owonjezera pakhomo, banja linali ndi chifukwa chofulumizira mwana kukwatiwa. Mtsikana akangotha msinkhu ankalowa m'nyumba ya chinamwali, chimene ena kumeneko amati chisungu, aphungu n'kumulangiza za ukhondo, ulemu ndi za m'banja. Akatuluka, mudzi wonse unkadziwa kuti wakula. Pakati pa chinamwali ndi ukwati nthawi zambiri pankadutsa miyezi yowerengeka chabe. M'zaka za nkhondo za Angoni ndi ogula akapolo, atsikana ndiwo ankagwidwa kwambiri, choncho kukhala pafupi ndi amai ndi kukwatiwa msanga zinkaonekanso ngati chitetezo.

Zinthu zinayamba kutembenuka Angoni atagonjetsedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1898. Boma la atsamunda linakhazikika ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, ndipo posakhalitsa linabweretsa msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama. Kuchigwa ndalama zikanachokera kuti? Amuna anayamba ulendo wa pansi kupita ku mapulazi a fodya a kumtunda, ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pake ku migodi ya ku Copperbelt. Ena ankabwera ndi bulangete ndi njinga, ena anakhala matchona osabwereranso. Mkamwini amene ankayenera kulima kwa apongozi tsopano ankatumiza ndalama m'malo mwa thukuta, ndipo ntchito imene anasiya inagwera mkazi wake ndi ana ake aakazi. Apa ndi pamene ndalama inalowa m'ukwati wa ku Malambo, ndipo sinatulukemonso.

Sukulu inabwera ndi mishoni. Ku Msoro, mpingo wa Anglican unayambitsidwa ndi wansembe wachikuda, Leonard Kamungu, wochokera ku Chia pafupi ndi Nkhotakota, amene anafika mu 1911 ndipo anamwalira komweko mu 1913. Ambiri sadziwa kuti amene anayala maziko a mishoni imeneyi anali munthu wolankhula Chinyanja ngati ife. Mpingo wa Dutch Reformed, umene lero ndi Reformed Church in Zambia, unadzakhazikikanso ku Kamoto kumene kuli chipatala mpaka pano. Koma kwa zaka zambiri mabenchi a sukulu ankadzaza ndi anyamata. Makolo ankaona kuti kuwerenga kumathandiza munthu wopita kukafuna ntchito kutali, ndipo mtsikana sankapita kutali. Mwambo womwewo umene unamupatsa malo pamudzi ndi umene unamutsekereza pakhomo la kalasi. Mipingo inalimbananso ndi chinamwali, ndipo itaona kuti sichingathe, inakonza chilangizo chake chochitidwa ndi amai a mumpingo, chopanda ng'oma ndi magule ena.

Kenaka kunabwera nkhani ya nyama. Mu 1938 boma linapatula malo aakulu kuti akhale osungirako nyama, mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo odzaona nyama, ndipo mu 1972 South Luangwa inakhala National Park, malo okwana masikweya kilomita 9,050. Kusaka kumene kunkabweretsa ndiwo pakhomo kunasanduka mlandu. Ntchito zimene zinabwera ndi maloji, za ugaidi, udalaivala, ukhuki ndi ulonda, kwa zaka zambiri zinali za amuna pafupifupi zonse. Njovu nazo sizidziwa malire a paki. Zimalowa m'minda ya chimanga, zimaswa nkhokwe, ndipo nyengo ya mango zimafika mpaka pakhonde. Kholo la ku Kakumbi kapena kwa Mnkhanya limaganiza kawiri lisanalole mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kuyenda mbandakucha kupita kusukulu. Ana ena amayamba Giredi 1 mochedwa chifukwa cha zimenezi, ndipo mtsikana woyamba mochedwa amatha msinkhu asanamalize pulaimale. Amene mumakwera minibasi kupita kusukulu, mfundo imeneyi muigwire musanaweruze anzanu kuti sakonda maphunziro.

Ulimi wa thonje unasinthanso mphamvu m'nyumba. Mapira ndi chimanga zinkalowa m'nkhokwe imene mkazi ankayang'anira, koma thonje limagulitsidwa, ndipo kawirikawiri dzina lolembedwa kwa ogula ndi la mwamuna. Atate amene akulipira yunifolomu ndi makope sangavomere kuti mlamu wawo ndiye alamule za mwana. Lamulo la chuma cha masiye la mu 1989 linawonjezera pamenepo: munthu akamwalira osasiya wilo, magawo 50 pa 100 amapita kwa ana ake, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankawasamala. Mphwake, amene kale anali wolowa m'malo, sapezekapo pokhapokha ngati ankaleredwa pakhomopo. Koma lamulo limeneli silikhudza nthaka ya mafumu. Choncho mtsikana wa ku Mambwe lero amakhala pakati pa malamulo awiri: njinga ndi malata a atate zimatsata lamulo la boma, munda umatsata mwambo.

Boma linachedwa kuyang'ana mtsikana mwachindunji. Mpaka mu 1997, mwana wa sukulu akatenga mimba ankachotsedwa basi, mnyamata n'kupitiriza. Chaka chimenecho ndi pamene kunabwera ndondomeko yolola amai achichepere kubwerera m'kalasi akabereka. Mu 2002 malipiro a ku pulaimale anachotsedwa, mu 2022 maphunziro aulere anafika mpaka Giredi 12, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18 ukhale wosavomerezeka, ngakhale wa mwambo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anasonyeza chifukwa chake: mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 m'dziko lonse anali ndi mwana kapena mimba, ku Eastern Province anali pafupifupi 40, pamene ku Lusaka anali 15.

Ine ndimaona kuti amene amaloza chala chinamwali chokha amaphonya. Mtsikana wa kwa Malama akakhoza kupita ku sekondale, nthawi zambiri sukulu ili kutali. Ngati malo ogona asowa, makolo amamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu, n'kumusiyira thumba la ufa. Ali ndi zaka 14, alibe ambuya, alibe amai aang'ono, alibe amalume pafupi. Ufa ukatha pakati pa mwezi, amene amabwera ndi thandizo si nthawi zonse amakhala wachifundo. Makolo a kale, ndi zolakwa zawo zonse, sakanalola mwana wotere kugona yekha. Nchifukwa chake nyumba zogona atsikana pasukulu, mijigo ya pafupi ndi mudzi, ndi nsalu zochapa zogwiritsa ntchito pa nthawi ya kumwezi monga zimene bungwe la Project Luangwa limasoka ku Mfuwe, zimasunga atsikana m'kalasi kuposa misonkhano yodzudzula miyambo.

Aphungu nawonso sanaime malo amodzi. M'madera ambiri a kum'mawa mafumu akhala akulamula kuti chinamwali chizichitika pa holide, chikhale cha masiku ochepa, ndipo malangizo a m'banja asungidwe mpaka tsiku la ukwati. Ku Mfuwe lero mukhoza kukumana ndi akazi ovala yunifolomu ya oteteza nyama, ndi ena oyendetsa galimoto za alendo m'paki, ntchito zimene amai awo sankaziganizira n'komwe. Ambiri a iwo akapita kuntchito, mwana amatsala ndi ambuya ake a kuchikazi.