Kompyuta imene sidziwa za mvula ya Loweruka

Mtsutso umene ndimaumva kawirikawiri ndi uwu: ngati anthu a zanyengo amalephera kutiuza zoona za mvula ya Loweruka likudzali, angadziwe bwanji kutentha kwa dziko m'chaka cha 2080? Funsoli silopusa ayi. Ndipo oyamba kukayikira anali eniake a masamuwo.

Lewis Fry Richardson, Mngelezi amene ankayendetsa ambulansi ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anayesa kulosera nyengo ndi pensulo basi. Anatenga tsiku lakale, 20 May 1910, nawerengera maola 6 okha. Zinamutengera masabata pafupifupi 6, ndipo yankho linatuluka lachabechabe: mphamvu ya mpweya kukwera ndi mamiliba 145, chinthu chosachitika. Koma munthuyo anasindikizabe zonse m'buku lake la 1922, cholakwikacho chili pompo. Ine apa ndimamuvulira chipewa.

Mu 1961 kunabwera Edward Lorenz wa ku MIT. Pofuna kubwereza ntchito pa kompyuta, analemba 0.506 m'malo mwa 0.506127, napita kukamwa khofi. Pobwera anapeza nyengo ina yosiyaniratu. Kusiyana kwakung'ono poyambira kumakula mpaka kusokoneza zonse, n'chifukwa chake kulosera mvula ya tsiku lakutilakuti kupitirira masabata awiri n'kutaya nthawi.

Okayikira ambiri amaimira pomwepa, ndipo m'pamene ine ndimasiyana nawo. Palibe amene angakuuzeni ngati pa 15 October chaka chamawa kudzakhala mitambo, koma aliyense amadziwa kuti October adzatentha kuposa June. Lorenz ankanena za tsiku limodzi. Masamu a kusintha kwa nyengo amafunsa funso lachiwirili: tikaonjezera utsi wa carbon dioxide mumlengalenga, kutentha kwa zaka zambiri kudzapita kuti?

Nanga analosera zoona? Pa 23 June 1988 James Hansen wa ku NASA anauza aphungu a ku Senate ya America kuti dziko layamba kale kutentha. Gulu lake linali ndi njira zitatu, A, B ndi C, malinga ndi kuchuluka kwa utsi umene anthu angatulutse. Njira B, imene iye ankaiona ngati yothekera kwambiri, inapyola pang'ono kutentha kwenikweni. Kompyuta yake inkakokomeza mphamvu ya utsiwo. Koma mu 1998 Patrick Michaels, pofuna kuonetsa aphungu kuti Hansen anaphonya, anawasonyeza njira A yokha, yotentha kwambiri ija. Eti kukayikira kumeneko?

Mayeso enieni anabwera ndi phiri la Pinatubo ku Philippines, limene linaphulika mu June 1991. Gulu la Hansen linanena pasadakhale kuti fumbi lake lidzaziziritsa dziko ndi pafupifupi theka la digiri, kenako kutentha kudzabwerera. Mu 1992 kunaziziradi chotero.

Pamene ndimagwirizana ndi okayikira ndi pa nkhani ya mvula ya dera limodzi. Makompyuta ambiri akhala akunena kuti kum'mawa kwa Africa kudzagwa mvula yochuluka, pomwe mvula ya March mpaka May ku Kenya ndi Somalia inakhala ikuchepa kuyambira m'ma 1980. Akatswiri eniake mpaka lero akukanganabe chifukwa chake, ndipo mlimi wofuna kudziwa mbewu yoti adzale alibe nthawi yowadikira.