Mbiri ya Limba Lopanda Zitoliro

M'mipingo yambiri ya kumidzi masiku ano muli kiyibodi, kanthu kakuti mnyamata mmodzi akhoza kukanyamula m'khwapa. Koma pamene aika zala zace pamenepo, timva mau a limba lalikuru, a malipenga, ngakhale a ng'oma, cinkana maso athu saona lipenga kapena ng'oma iri yonse. Ena mwa akuru akondwera nako, ena akayesa cinyengo, ndipo ana afunsa kuti mauwo acokera kuti. Funso la anawo liri labwino. Tiyeni tsono tiliyankhe pakulondola mbiri ya limba kuyambira kale kufikira lero.

Limba la zitoliro ndi lakale ndithu. Analiyamba ndiye Ktesibios, Mhelene wa m'mudzi wa Alexandria, zaka ngati 250 Kristu asanabadwe. M'caka ca 757 mfumu Constantine V ya ku Constantinople inatumiza limba kwa mfumu Pepin monga mphatso, ndipo m'mibadwo yotsatira linalowa m'machalichi a ku Ulaya. Maliridwe ace ndi awa: mivukuto, yonga ya osula makasu, ikankha mpweya m'bokosi, pamwamba pa bokosilo paima zitoliro, ndipo woimba akakanikiza kiyi, atsegulira mpweyawo njira. Citoliro ciri conse cidziwa liu limodzi lokha, cacitali liu lalikuru, cacifupi laling'ono. Cifukwa cace limba lokwanira lifuna zitoliro mazana, kapena zikwi, ndi nyumba yaikuru yakuliikamo.

Mipingo yosauka inalibe cuma cotere, ndipo anthu anafunafuna limba lopepuka. Alexandre Debain wa ku Paris anakonza limba laling'ono lopopa ndi mapazi, la timalilime ta mkuwa m'malo mwa zitoliro, ndilo lija amishoni anafika nalo m'maiko ambiri. M'caka ca 1935 Laurens Hammond wa ku Chicago anayamba kugulitsa limba la magetsi, m'mene timagudumu ta citsulo tizungulira pafupi ndi maginito. Onse awiri anacita bwino, koma malimba ao anangotsanzira mau a zitoliro, ndipo khutu lozolowera linazindikira kusiyana kwace.

Nzeru yina inadza itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Harry Chamberlin wa ku America anaganiza kuti, m'malo mwa kutsanzira, aitane woimba weniweni, najambule pa tepi liu liri lonse la coimbira cace palokha, naike tepi imodzi pansi pa kiyi iri yonse. Abale atatu a banja la Bradley, a ku Birmingham m'dziko la England, anatenga nzeruyi napanga coimbira cochedwa Mellotron m'caka ca 1963. Munthu akakanikiza kiyi, tepi iyenda, ndipo limveka liu limene mnzace analiimba kale kwina. Koma tepiyo inali yaifupi: atapita masekondi 8 liu linatha, ndipo woimba anayenera kukweza cala kuti ibwerere pa ciyambi.

Kenaka anthu anaphunzira kusunga mau ndi ciwerengero. Liu ndilo kunjenjemera kwa mpweya. Makina ayesa kunjenjemerako kawirikawiri, nalemba muyeso uli wonse monga nambala. Pa CD muyesowo ucitika nthawi 44,100 pa sekondi imodzi. Nambalazo sizitha monga itha tepi, ndipo makina akaziwerenganso, liu libwerera monga linali. M'caka ca 1971 kampani ya Allen, ya ku Pennsylvania, inagulitsa limba loyamba la m'chalichi la mtundu umenewu. M'caka ca 1979 anyamata awiri a ku Sydney, Peter Vogel ndi Kim Ryrie, anaturutsa Fairlight, makina okhoza kugwira kacidutswa ka liu liri lonse ndi kukaimba pa makiyi. Koma mtengo wace unali wonga wa nyumba. Oimba ambiri anacita mantha kuti nchito yao idzatha, kotero kuti m'caka ca 1982 nthambi ya bungwe lao m'London inapempha kuti makina otere aletsedwe. Pempholo silinaletsa kanthu.

Cinatsala ndico cakuti makina a makampani osiyana amvane. M'caka ca 1983 Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa ku Japan, pamodzi ndi anzao, anakhazikitsa pangano lochedwa MIDI. Pa cingwe ca MIDI sipayenda mau iai, koma uthenga wokha, wakuti kiyi yakuti yakanikizidwa, ndi mphamvu yotere, ndipo tsopano yalekedwa. Wolandira uthengawo ndiye asankha liu. M'caka ca 1996 kampani ya Steinberg, ya ku Hamburg, inatsegula njira yochedwa VST, yakuti pulogiramu yaing'ono ilumikizidwe m'pulogiramu yaikuru yojambulira nyimbo, monga tiloweza khasu mu mpini. Ndipo kuyambira 1999 zoimbira zomwe zinayamba kulowa m'kompyuta mwa njira imeneyi. Kuyambira pamenepo coimbira cinakhoza kukhala copanda thupi konse.

Tsono tibwerere ku limba lathu. M'caka ca 2002 Martin Dyde wa ku England anaturutsa pulogiramu yochedwa Hauptwerk, ndipo limba limene anapereka pamodzi nayo linali la m'chalichi ca St Anne ku Moseley, m'mudzi womwe uja wa Birmingham. Nchito yakudzaza pulogiramu yotere iri yolemetsa. Ojambula alowa m'chalichi, makamaka usiku pamene miseu yakhala cete, naimika maikolofoni, naliza citoliro cimodzi cokha, nadikira kuti mau ace athe kubwerera ku makoma, asanalize cinzace. Limba la magulu 30 a mau likhoza kukhala ndi zitoliro zoposa 1,500, ndipo ciri conse cifuna nthawi yace. Atatha apo akhala miyezi alikudula ndi kuyeretsa zidutswazo. Momwemonso acita ndi oimba malipenga ndi azeze a ku Ulaya: munthu akhala m'cipinda masiku ambiri, naimba liu limodzi mofatsa, nalibwerezanso mwamphamvu, kufikira onse atakwanira. Mosungiramo zidutswa zimenezi tingathe kumucha nkhokwe ya mau.

Pamenepa ndipo pali yankho la ana aja. Mau ambiri a m'kiyibodi ndi a m'kompyuta sali cinyengo, ndipo sali cozizwitsa; ali mau a zoimbira zenizeni ndi a anthu enieni, otutidwa ndi kusungidwa. Tiyenera kuyamika, pakuti wophunzira wopanda cuma akhoza lero kumva pansi pa zala zace limba la m'chalichi cimene sadzacipondamo konse. Koma tonse tidziwa kuti nkhokwe siibala cimanga. Ibweza cokhaco cimene wolima anathiramo. Pakadapanda mmisiri wosema citoliro ndi woimba wopirira, makinawo akadakhala osalankhula.

M'caka ca 1991 makampani anapangana mndandanda wa zoimbira 128, wochedwa General MIDI, umene makiyibodi ambiri autsata. Pa nambala 109 pali kalimba; koma bangwe mulibe, ndi mangolongondo mulibe. Odzaza nkhokweyo anathiramo zimene anazidziwa iwo. Ngati nkhalamba yodziwa kumanga bangwe imwalira m'mudzi mwathu isanaphunzitse mdzukulu, palibe kiyi imene idzatibwezera mau ace.

Cifukwa cace tinena kwa akuru a mipingo mau awiri. Oyamba ndi awa: mukasonkha ndalama za kiyibodi, musonkhenso za kuphunzitsa woimba, mnyamata kapena mtsikana. Makina akhoza kuliza ng'oma okha pa liwiro losasinthika, koma sadziwa kudikira agogo opuma pakati pa ndime, ndipo sadziwa kusiyanitsa nyimbo ya pa maliro ndi ya pa ukwati. Woimba wophunzitsidwa ndiye amvera mpingo naulondola. Aciwiri ndi awa: funsani m'mudzi mwanu amene atsala odziwa kusema ng'oma ndi kuimba zeze, muwatumizire ana. Ndipo acinyamata okhala ndi foni ajambule zoimbirazo liu ndi liu, monga anacita ojambula a ku Moseley, atayamba apempha eni ace, nalembe dzina la woimba ndi mudzi wace pa ciri conse.