Ulendo wa Makolo Athu Wolembedwa M'magazi

Mbiri ya Amaravi imati makolo athu anachokera ku Uluba, m'chigawo cha Katanga ku Congo. Nanga asanafike ku Uluba anali kuti? Apa mpamene nthano za agogo zimathera, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankadalira mapale a mbiya ndi kufanana kwa zilankhulo. Tsopano kwapezeka mboni yachitatu, ndiyo magazi athu omwewa.

M'thupi la mwamuna aliyense muli kanthu kakang'ono kotchedwa kromozomu Y, kamene bambo amapatsira mwana wake wamwamuna yekha, wamkazi ayi. Kamayenda monga chiwongo, kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana, osasakanikirana ndi za kuchikazi. Mwa apo ndi apo kamasintha pang'ono, monga mlembi alakwitsa chilembo chimodzi pokopera kalata, ndipo zidzukulu zonse zazimuna za munthuyo zimatengera kusinthako. Powerenga zizindikiro zimenezi, akatswiri amadziwa amene anapatukana ndi anzawo kale ndi amene apatukana posachedwa.

Nthambi zakale kwambiri za mtengo umenewu zili muno mu Africa. Yakale koposa, yotchedwa A00, inadziwika m'chaka cha 2013, ndipo imapezeka pakati pa anthu a mtundu wa Mbo ku Cameroon. Inapatukana ndi zinzake zaka zoposa 200,000 zapitazo.

Nthambi yokhudza ife ndi E-M2. Amuna ambiri olankhula zilankhulo za Chibantu, kuyambira ku Cameroon mpaka ku South Africa, ali nayo. Izi zikugwirizana ndi zimene akatswiri a zilankhulo ananena kale, kuti makolo a Abantu ananyamuka cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka pakati pa 4,000 ndi 5,000 zapitazo. Motero pa Uluba panali pongopumulira pa ulendo wautali.

Nanga Akafula, amene alimi oyamba anawapeza kuno, anathera kuti? M'chaka cha 2017 akatswiri anafalitsa zotsatira za mafupa ofukulidwa ku Hora, ku Fingira ndi ku Chencherere, ena mwa iwo a zaka pafupifupi 8,000. Anapeza kuti alenje akalewo sanasiye magazi ooneka mwa Amalawi a lero amene anayezedwa. Ku South Africa zinayenda mosiyana: Axhosa ndi Azulu ali ndi magazi a Akhoisan, makamaka kudzera kuchikazi, kusonyeza kuti obwerawo ankakwatira akazi a eni dziko.

Komabe anzanga, tisaiwale kuti mboniyi imaona njira imodzi yokha. Tikabwerera m'mbuyo mibadwo khumi, aliyense wa ife ali ndi makolo okwana 1,024, koma kromozomu Y imangotiuza za mmodzi. Kwa ife a chikamwini, amene mbumba ndi ufumu timazitsata kuchikazi, imasiya kunja agogo aakazi ndi amalume omwe. Siingatiuzenso chilankhulo chimene munthu ankalankhula, ngakhale gule amene ankavina.

Choncho wina akadzatenga pepala la ku labotale nkumati uyu ndiye mwini dziko, uyo ndi wobwera, tidzamuyankhe kuti pepala lomwelo likusonyeza kuti tonse tinachita kubwera, ndipo ambiri tinanyamukira khomo limodzi. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiwola.