Kuchokera pa Waya Wobwereka Kufika pa Kubernetes: Mbiri ya Seva ya VPN

Masiku ano munthu wodziwa za makompyuta angathe kuimika seva yakeyake ya VPN pa Kubernetes madzulo amodzi okha, n'kukagona akudziona kuti wachita zamakono. Ambiri amaganiza kuti poti mapulogalamu ena onse a kampani akukhala kale m'makontena, VPN nayonso iyenera kukhala momwemo. Koma mbiri ya ntchito ziwirizi ikusonyeza kuti zinakula molowera kosiyana. Akatswiri a VPN anatha zaka pafupifupi 25 akuphunzira, mopweteka ndithu, kuti chitetezo chimabwera pochepetsa zinthu. Akatswiri a makontena anatha zaka zomwezo akumanga dongosolo lalikulu loyendetsera mapulogalamu zikwizikwi, limene mfundo yake ndi yakuti pasakhale pulogalamu yokhazikika pamalo amodzi. Amene akuphatikiza ziwirizi ayenera kudziwa kuti pali zina zimene akutaya, ndipo nthawi zambiri zotayikazo zimaposa zopindula.

Intaneti isanafale, banki kapena kampani yofuna kulumikiza maofesi ake inkabwereka waya kwa kampani ya matelefoni, n'kumalipira mwezi ndi mwezi ndalama zimene ndi makampani akuluakulu okha ankazikwanitsa. Nzeru ya VPN inali yopulumutsa ndalamazo: uthenga udutse pa intaneti ya anthu onse, koma utabisidwa kuti wapanjira asauwerenge. Mu 1995 bungwe la IETF linatulutsa malamulo oyamba a IPsec, ndipo mu 1996 Microsoft inaika PPTP mu Windows NT 4.0. PPTP inafala chifukwa inali yosavuta kuitchera, koma pofika 1998 Bruce Schneier ndi mnzake wodziwika ndi dzina loti Mudge anali atasonyeza kale kuti kabisidwe kake kanali ndi ming'alu. Mu 2012 Moxie Marlinspike ndi David Hulton anaonetsa kuti njira yake yotsimikizira munthu, MS-CHAPv2, ingathe kuthyoledwa pa tsiku limodzi, ndipo mu 2016 Apple inaichotseratu m'mafoni ndi m'makompyuta ake. IPsec inali yolimba kuposa pamenepo, koma vuto lake linali lina. Niels Ferguson ndi Schneier ataifufuza anaiyamikira kuti inkaposa zina zonse za nthawiyo, komabe anaidandaula kuti makomiti amene anaikonza anaiunjikira zosankha zambiri mwakuti kunali kovuta kutsimikiza kuti ndi yotetezeka. Aliyense amene anayesapo kulumikiza zida za IPsec za makampani awiri osiyana akudziwa zimene ankanena.

Mwambo woti munthu wamba aziyendetsa yekha seva ya VPN unayamba kwenikweni ndi OpenVPN, imene James Yonan anaitulutsa mu 2001. Iye ankayenda m'mayiko a pakati pa Asia ndipo ankafunika kulowa m'makompyuta a kuntchito kwake kudzera pa mizere ya intaneti imene sankaikhulupirira. Pulogalamu yake inali yaulere, inadzayenda pa makompyuta amitundumitundu, ndipo inkadalira OpenSSL pobisa uthenga. Kudalirako kunaonekera poipa mu Epulo 2014, pamene cholakwika cha Heartbleed chinapezeka mu OpenSSL, eni maseva n'kuyamba kusintha makiyi mothamanga. Apa n'kuti Edward Snowden ataulula kale, mu Juni 2013, kukula kwa ukazitape wa boma la America pa intaneti, ndipo anthu ofuna seva yawoyawo anali atachuluka. Zida monga Algo, imene kampani ya Trail of Bits inatulutsa mu 2016, zinabwera kudzawathandiza, ndipo n'zochititsa chidwi kuti Algo inadzitamandira ndi zimene inakana kuikamo, osati zimene inaikamo. Njira yochepetsayi inafika pachimake ndi WireGuard ya Jason Donenfeld. Poyamba inali ndi mizere ya pulogalamu yosakwana 4,000, pamene OpenVPN inali ndi yoposa 100,000, osawerengera OpenSSL. WireGuard siikambirana ndi mnzake za njira yobisira uthenga. Ili ndi njira imodzi basi, ya Curve25519 ndi ChaCha20-Poly1305. Munthu wopanda kiyi yoyenera akaigogoda, siyankha n'komwe. Inalowa mu Linux 5.6 mu Malichi 2020, ndipo chimene chinaipatsa ulemu n'chakuti katswiri mmodzi angathe kuiwerenga yonse n'kuimvetsa.

Mbiri ya makontena ndi yakale kuposa momwe ambiri amaganizira. Lamulo la chroot linalowa mu Unix mu 1979, FreeBSD inabweretsa ma jail mu 2000, ndipo akatswiri a Google anakonza ma cgroup amene analowa mu Linux mu 2008. Docker, imene Solomon Hykes anaionetsa mu Malichi 2013, inangofewetsa zinthu zimene zinalipo kale kuti aliyense azigwiritse ntchito. Kenako mu Juni 2014 Google inalengeza Kubernetes, yotengera nzeru za Borg, dongosolo limene kampaniyo inkayendetsera makompyuta ake osawerengeka, ndipo mtundu wa 1.0 unatuluka mu Julayi 2015. Vuto limene Borg inkathetsa linali la Google: pamene makompyuta ali zikwi zambiri, tsiku lililonse ena amafa, choncho pulogalamu iyenera kukhala yokonzeka kuphedwa pano n'kudzutsidwa pa kompyuta ina. Ndiye chifukwa chake mu Kubernetes pod, imene ndi kontena kapena kagulu ka makontena oyendera limodzi, imabadwa ndi adiresi yatsopano nthawi iliyonse, imaiwala zonse zimene inasunga m'kati mwake, ndipo imamanidwa mphamvu zokhudza netiweki ya kompyuta imene yakhalapo.

Tsopano taonani zimene seva ya VPN imafuna. Pa foni kapena laputopu ya wogwiritsa ntchito pamakhala kafayilo ka mizere yochepa, kolembedwamo kiyi ya seva, adiresi yake ndi port yake, kawirikawiri 51820 pa WireGuard kapena 1194 pa OpenVPN. Kiyiyo ikasintha, kapena adiresiyo ikasuntha popanda dzina lokhazikika loilozera, aliyense watsekeredwa kunja. Motero woimika VPN pa Kubernetes amayamba ndi kubweza chimodzichimodzi zimene Kubernetes inachotsa. Amaipatsa pod mphamvu ya NET_ADMIN kuti ithe kutsegula njira yake ya netiweki ndi kulemba malamulo a kayendedwe ka uthenga. Ngati ndi OpenVPN amaitsegulira /dev/net/tun. Ngati ndi WireGuard amadalira kernel ya kompyuta yeniyeniyo, chifukwa makontena onse a pa kompyuta imodzi amagawana kernel imodzi. Ena akatopa ndi mauthenga okana amangolemba privileged, zimene zimagwetsa pafupifupi mpanda wonse wolekanitsa kontena ndi kompyuta. Amalipiranso LoadBalancer yolola UDP kuti apeze adiresi yosasuntha, kapena amagwiritsa ntchito NodePort, imene mwachizolowezi imangolola manambala a pakati pa 30000 ndi 32767. Makiyi amawaika mu Secret, imene ngakhale ili ndi dzina lolimbitsa mtima chonchi, imangolembedwa mu base64 ndipo imakhala yosabisika mu etcd, nkhokwe ya Kubernetes, pokhapokha woyang'anira atachita kuyatsa yekha zobisazo. Zonsezi zikatha, pulogalamu ya mizere 4,000 ija imakhala itatsamira pa API server, etcd, scheduler, kubelet ndi pulogalamu ya netiweki, chilichonse chokhala ndi zolakwika zake.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo ina ndi yolemera. Amati zoopsa zazikulu za zaka zapitazi sizinachokere kwa oyendetsa okha ma VPN awo koma ku zida zodula za makampani. Izi n'zoona. Cholakwika cha mu zida za VPN za Pulse Secure cha 2019 chinalola akuba kuwerenga mawu achinsinsi a antchito popanda kulowa n'komwe, ndipo kumayambiriro kwa 2024 bungwe la CISA linalamula nthambi za boma la America kuti zizule zida za Ivanti pa netiweki zawo. Pa Kubernetes, iwo amati, kukonza pulogalamu n'kungosintha mzere umodzi, ndipo zonse zotchera zimalembedwa poyera pamene anzako angazione. Phindu limeneli ndi lenileni kwa gulu limene lili kale ndi anthu olera cluster, gulu la makompyuta oyendetsedwa ndi Kubernetes, usana ndi usiku. Koma nkhani ya kampani ya Colonial Pipeline ya mu Meyi 2021 ikutikumbutsa kumene ngozi imadzera: akuba analowa ndi akaunti ya VPN yakale imene inaiwalika osatsekedwa, yopanda chitsimikizo chachiwiri, ndipo kampaniyo inalipira madola pafupifupi 4.4 miliyoni. Palibe dongosolo la makontena limene likanakumbukira kutseka akauntiyo. Ndipo Kubernetes payokha imafuna ulonda: imatulutsa mitundu itatu pa chaka, uliwonse umasamalidwa kwa miyezi pafupifupi 14, ndipo mu 2018 akuba anapeza tsamba loyendetsera Kubernetes la Tesla lili lopanda mawu achinsinsi, n'kuyamba kukumba ndalama za pa intaneti ndi makompyuta a kampaniyo.

Ena amanena kuti WireGuard ndi Kubernetes zinagwirizana kale, popeza Calico ndi Cilium, mapulogalamu a netiweki a mu Kubernetes, zimagwiritsa ntchito WireGuard. Zimaterodi, koma pa ntchito ina: kubisa uthenga pakati pa makompyuta a m'kati mwa cluster, pomwe makiyi amapangidwa ndi kugawidwa ndi dongosololo popanda foni ya munthu yodikira adiresi. Mfundo yoti Kubernetes imadzutsa yokha pulogalamu yakufa nayo ili ndi malire. Webusaiti ungaiyendetse m'ma pod khumi, uthenga n'kumagwera paliponse. Koma ma pod awiri a WireGuard okhala ndi kiyi imodzi amasokonezana, chifukwa foni imagwirizana ndi imodzi, ndipo uthenga ukagwera pa inzake umatayidwa. Mapeto ake ambiri amayendetsa pod imodzi yokha, ndipo kuidzutsa ikafa ndi ntchito imene systemd imagwira pa kompyuta wamba popanda cluster iliyonse.

Palinso amene amafuna seva yawo pofuna kuzemba mipanda ya boma. Anthu ambiri ku Zambia anaidziwa VPN pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zitasiya kugwira. Kwa munthu wotere kaseva kamodzi kobwereka kunja n'kokwanira, ndipo Outline, imene Jigsaw inatulutsa mu 2018 poganizira atolankhani, imayenda mu Docker pa kompyuta imodzi. Ayenera kudziwanso kuti seva yake ili ndi adiresi imodzi yolembetsedwa m'dzina lake, motero siimubisa pakati pa khamu, ndipo boma likazimitsiratu intaneti monga linachitira la Zimbabwe mu Januwale 2019, palibe VPN imene ingathandize.

Malo oyenera a VPN pa Kubernetes alipo, koma ndi ochepa: kampani imene ili kale ndi cluster yosamalidwa bwino, yofuna kuti antchito ake afikire mapulogalamu a m'katimo popanda kuwaonetsa pa intaneti. Ngakhale pamenepo pali msampha umene wagwira ambiri. Akaona kuti VPN ikuyenda, amatseka API server kuti izifikirika kudzera pa VPN yokhayo. Tsiku limene netiweki ya cluster yasokonekera, VPN imafa nayo limodzi, ndipo woyang'anira amakhala ngati munthu amene wakhomera kiyi m'nyumba iye ali panja. Choncho amene ali ndi cluster aike njira yolowera pokonza pa kompyuta ina yaing'ono ya payokha, yokhala ndi WireGuard ndi zinthu zochepa momwe angathere. Amene alibe cluster asaimange chifukwa cha VPN.