Columbo: Wapolisi wa Jekete Lamakwinya

Mu chaka cha 1968, wailesi ya kanema ya NBC ku America inaonetsa filimu yotchedwa Prescription: Murder. Mufilimuyo, dokotala wina wolemera akupha mkazi wake, kenaka pakhomo pake pakufika kamunthu kooneka ngati kosokonezeka, kali ndi ndudu kumanja. Kamunthuko kanali Lieutenant Columbo, wapolisi wofufuza milandu yakupha mumzinda wa Los Angeles, ndipo amene anasewera mbaliyi anali Peter Falk.

Columbo anamupeka ndi alembi awiri, Richard Levinson ndi William Link, amene anadziwana ali pasukulu ku Philadelphia. Anaonekera koyamba pakanema mu 1960, akuseweredwa ndi Bert Freed, kenaka m'sewero la pabwalo mu 1962. Alembiwa ananena kuti khalidwe lake lina analitengera kwa Porfiry Petrovich, wofufuza milandu m'buku la Dostoevsky lotchedwa Crime and Punishment. Poyamba ankafuna munthu wachikulire monga woimba Bing Crosby, koma iye atakana, mwayi unagwera Falk.

Masewero otsatizana anayamba mu 1971. Loyamba, Murder by the Book, linatsogoleredwa ndi mnyamata wa zaka 24, Steven Spielberg, amene dzina lake linali lisanamveke. Nkhani yake ndi ya mlembi wa mabuku amene akupha mnzake amene ankalemba naye limodzi. NBC inaonetsa masewerowa kufikira 1978, ndipo wailesi ya ABC inawadzutsanso kuyambira 1989 mpaka 2003. Onse pamodzi alipo 69.

Chimene chinasiyanitsa Columbo ndi anzake ndi kapangidwe ka nkhani. Nkhani zambiri za apolisi zimabisa wakupha mpaka kumapeto. Apa zinthu n'zotembenuza: timaona ndi maso athu wakuphayo akukonza chiwembu, akupha, ndi kufafaniza mapazi ake, ndipo wapolisi amatulukira mphindi zambiri zitapita. Tsono funso la woonera silikhala lakuti wapha ndani, koma lakuti amugwira bwanji. Njirayi anaiyamba kale mlembi wa ku England, R. Austin Freeman, m'buku la 1912, koma Columbo ndiye anaitchukitsa.

Tikaonetsetsa anthu amene Columbo amawagwira, tipeza kuti pafupifupi onse ndi apamwamba: madokotala, eni makampani, oimba, andale, akuluakulu a asilikali. Amakhala m'nyumba zamipanda, ndipo amakhulupirira kuti chuma ndi nzeru zawo zili pamwamba pa lamulo. Wapolisi wathuyu amafika pa galimoto yakutha ya Peugeot 403, atavala jekete lamvula lamakwinya limene Falk anagula yekha. Mfuti sakonda kunyamula. Amabwereka pensulo, amasimba za mkazi wake amene sitimuona ngakhale tsiku limodzi, amagoma ndi mipando ya m'nyumba. Bwana uja amamuyesa chitsiru, nayamba kumuthandiza kufotokoza mmene mlandu unayendera. Ndiye poti watsazika, wafika kale pachitseko, Columbo amatembenuka n'kunena kuti watsala ndi kafunso kamodzi kokha. Kafunso kameneko ndi kamene kamagwetsa nyumba yonse ya mabodza.

Amene tinakulira nthano za Kalulu ndi Njovu sitingadabwe ndi zimenezi. Wamng'ono amagonjetsa wamkulu chifukwa wamkuluyo sanamuwerengere. Kusiyana kwake n'kwakuti Kalulu amachenjerera mimba yake, pamene Columbo amachenjerera munthu wakufa amene sangathenso kudzilankhulira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndicho chida chake chachikulu.

Naye Falk anali ndi mbiri yofanana ndi ya munthu amene ankamusewerayo. Anabadwa mu 1927 ku New York, ndipo ali ndi zaka 3 anachotsedwa diso lakumanja chifukwa cha khansa, n'kuikidwa lagalasi. Asanalowe m'zisudzo ankagwira ntchito yoona za ndalama m'boma la Connecticut. Diso lomwelo, limene ena ankaliona ngati chopinga pa ntchito ya mafilimu, linasanduka chizindikiro cha Columbo, ndipo mbaliyi inamupezera mphoto za Emmy zinayi. Anamwalira mu 2011 atavutika ndi matenda oiwala a Alzheimer's. Mu 2014 mzinda wa Budapest ku Hungary unaimika chosema cha Columbo ndi galu wake.

Kwa ife olemba, phunziro lilipo. Levinson ndi Link anaonetsa kuti nkhani ingathe kugwira mtima popanda kuthamangitsana kwa magalimoto kapena kulira kwa mfuti. Anthu awiri akungocheza pabalaza, wina akubisa, wina akufunsa, n'zokwanira. Chinanso n'chakuti owonera m'maiko ambiri anamukonda wapolisiyu chifukwa anawapatsa chimene moyo weniweni umawamana kawirikawiri: kuona munthu wamphamvu akuyankha mlandu monga wina aliyense. Paja mlandu suola.