Diso la mumlengalenga pa Dzalanyama

Aliyense wokulira ku Mitundu kapena ku Nathenje amaidziwa njinga ya makala: matumba osanjikizana kuposa mutu wa mwini wake, iye akukankha thukuta lili kamukamu, kulunjika mumzinda wa Lilongwe kusanache. Makala ambiri odutsa pa Mitundu amachokera ku Dzalanyama, nkhalango imene makolo athu Achewa amati ndiko kuli Kaphirintiwa, pamene anthu oyamba anasiya mapazi awo pathanthwe.

Boma la atsamunda linaika nkhalangoyi m'gulu la zotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo kwa zaka zambiri woiyang'anira ankadalira miyendo yake basi. Chimene mlonda sanachione, ndiye kuti sichinachitike.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1972, dziko la America litaponya m'mwamba setilaiti yoyamba ya Landsat. Setilaiti za Landsat za masiku ano zimajambula malo amodzimodzi masiku 16 alionse. Koma zithunzizo zinali zogula, ndipo zinali zodula kwa ofufuza a dziko losauka ngati lathu. Mu 2008 anazitsegulira aliyense kwaulere. Mu 2013 Matthew Hansen ndi anzake a ku yunivesite ya Maryland anatulutsa mapu osonyeza mitengo yomwe yatha padziko lonse kuyambira mu 2000, ndipo chaka chotsatira kunatsegulidwa tsamba la pa intaneti la Global Forest Watch loonetsa mapuwa. Lero wophunzira wa ku Bunda, pafupi ndi Mitundu pomwepa, angathe kutsegula kompyuta n'kuona mmene zipsera zakulirakulira ku Dzalanyama chaka ndi chaka. Kwa ine ichi n'chinthu chachikulu, chifukwa tsopano palibe mkulu amene angakane kuti nkhalango ikutha.

Komabe disoli lili ndi khungu lake. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Landsat kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi 30 mulifupi. Wowotcha makala kawirikawiri sapululutsa malo onse. Amasankha muwanga kapena tsamba wonenepa, n'kusiya timitengo tating'ono. Kuchokera kumwamba pamaonekabe pobiriwira, pamene mayi wokazula bowa kapena kutola masuku akudziwa kale kuti m'katimo mwatsala mphako. M'dzinja mitambo imaphimba zonse. Ndipo setilaiti siona mbaula za ku Kawale ndi ku Area 36 zomwe zikudikira makalawo magetsi akazima.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi. Chinawatengera kumeneko ndi madzi: mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri omwewa, n'kudzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, komwe mzinda wonse umamwa. Mtengo ukagwa kumtunda, dothi limatsika ndi mvula yoyamba n'kukakhazikika pansi pa damu, kumene palibe chithunzi cha mumlengalenga chingafike.